Njerwa ya Phazi la Mbuzi

Njerwa ija inali ndi phazi la mbuzi. Mbuzi inaiponda ikadali yaiwisi padzuwa, koma woumba sanaitaye. Anaiwotcha pamodzi ndi zinzake, womanga n'kudzaiika m'khoma la pabalaza, mzere wachitatu kuchokera pansi, kumanzere kwa chumuni. Zala zanga ziwiri zinkalowa ndendende m'chiboda cha mbuziyo. Ukakoka pang'ono njerwayo inkasololoka, ndipo kuseri kwake kunali kabowo kouma momwe munkakhala kachitini kofiira ka tiyi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Odziwa za bowolo tinalipo atatu, abambo, amayi ndi ine, kungoti ine ndinadziwa mwakuba, posuzumira pachitseko.

Nyumbayo inali ku Mitundu, pamzere wa masitolo akale. Abambo anali telala, ndipo ankasokera pakhonde pake. Mbiri ya nyumbayo ankaikamba phazi lili pamakina, singano ili pakamwa, moti mawu ena ndinkachita kuwatolera.

Anaimanga ndi Mmwenye wina wogulitsa nsalu, ine ndisanabadwe, amayi asanabadwenso. Munthuyo sankamanga zothawa. Khoma lake linali la njerwa ziwiri m'lifupi, lochindikala moti ndinkakhala pawindo miyendo nditapinda, ndikudya mbatata. Kutsogolo kunali sitolo ya zitseko ziwiri zamatabwa, ndipo pamwamba pa zitsekozo njerwa zinapindika ngati uta, popanda chitsulo kapena thabwa lozigwira. Khonde linali ndi zipilala zinayi. Pansi pa malata anasiya timabowo tampweya, tinayitinayi, momwe munkalowa timizere ta dzuwa m'mawa. Anamanganso chumuni, pakuti chisanu cha ku Mitundu sichiona nkhope. Kuseri kunali zipinda zitatu ndi bwalo lamkati lotchingidwa ndi mpanda wa njerwa, ndipo pakati pa bwalolo panali mtengo wa ndimu.

Itafika nthawi imene Amwenye anauzidwa kuti achoke m'madera akumudzi apite m'mizinda, Mmwenyeyo anapakira nsalu zake n'kumapita. Nyumba inagwera m'manja mwa mkulu wina wa chipani. Mmene anaipezera palibe anafunsa, chifukwa masiku amenewo funso linkatha kukugoneka kutali ndi kwanu. Iyeyo anangopaka laimu kutsogolo kokha, koonekera anthu. Mphepo ya ndale itasintha anaigulitsa kwa mlimi wa fodya, amene anaphwasula siling'i ya chipinda chimodzi kuti azipachikamo fodya, zipinda zinazo n'kudzazamo mabelo. Fungo la fodyalo silinachoke. Mvula ikamabwera makoma ankatuluka fungo limenelo, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa lole ya fodya ndimamva ngati ndafika kwathu.

Abambo anaigula itatopa. Iwo anaphunzira kusoka pakhonde lomwelo ali mnyamata, kwa atelala a Mmwenye, ndiye mtima wawo unali pomwepo. Koma denga linkadontha, ndipo khoma lonse lakumbuyo linali litagwa ndi mvula. Amene analidzutsa khomalo ndi amayi. Anabwereka chikombole, anaponda dothi kudambo, naumba njerwa okha chilimwe chathunthu ine ndili kumsana. Nkhuni zowotchera uvuni anasenza okha. Womanga anangobwera kudzayala. Njerwa za amayi zinali zazing'ono ndi zoderapo, za Mmwenye zazikulu ndi zofiira, moti aliyense wa maso akanatha kuona pamene ntchito ya mmodzi inathera ndi pamene ya winayo inayambira. Ndikunena zimenezi chifukwa pambuyo pake anthu a maso awiri abwinobwino anakhala pansi pa khoma lomwelo n'kunena kuti amayi analibe chawo panyumbapo.

Chipinda cham'mbali, chokhala ndi khomo lakelake, munkagona aphunzitsi anga a sitandade folo. Anali munthu wa malaya oyera ndi zilembo zokongola, ndipo anthu ambiri ankabwera kuti awalembere makalata. Tsiku lina Lamlungu masana, abambo atayamba kale kutsokomola, ndinasuzumira pabalaza n'kuona aphunzitsi akulemba papepala, abambo akuwauza zolemba. Atatha, abambo anasaina, aphunzitsi anasaina, ndipo amayi, amene sankadziwa kulemba, anapaka inki pachala chachikulu n'kudinda. M'mawa mwake abambo anapita nalo pepalalo kwa amfumu kukadinditsa. Atabwerako anagwada pafupi ndi chumuni, anakoka njerwa ija, nalowetsa pepalalo m'kachitini. Zimene zinalembedwamo sindinkazidziwa. Chimene chinandikoma ine ndi chakuti khoma lathu linali ndi thumba.

Abambo anamwalira anthu akumaliza kukolola. Tinakawaika kumudzi kwawo, kuseri kwa Mitundu komweko, n'kubwerera kunyumba tili awiri. Pasanathe sabata panafika abambo aakulu, mkulu wawo wa abambo anga, ndi kachikwama kamodzi. Anati abwera kudzatikhazika mtima pansi mpaka tsiku losudzula amayi, tsiku limene abale a mwamuna amamasula mkazi wamasiye kuti aone zina. Tsikulo analiika kumapeto kwa chisanu.

Ndikanakonda ndikanati anali munthu wankhanza, wamaso ofiira, koma ndinganame. Anali wofatsa, wolankhula motsitsa, wopemphera asanamwe ngakhale madzi. Ankanditchula kuti “mayi,” monga ankachitira abambo anga, ndipo nthawi yoyamba imene anatero ndinalira ndi kuwakonda. Anakhala pampando wa abambo pakhonde. M'mawa ankayenda kuzungulira nyumba manja ali kumbuyo, akuwerenga mapazi kuchokera pangodya kufika pangodya. Nthawi zina ankagogoda khoma ndi chala n'kutchera khutu. Ine ndinkaganiza kuti akusirira ntchito ya Mmwenye.

Chisanu cha chaka chimenecho ndimachikumbuka ndi khungu. Milomo inang'ambika, miyendo inatuwa, ndipo madzi a pamjigo ankaluma zala. Kudambo anthu ankaumba njerwa, mauvuni akufuka, utsi wake wa dothi lopsa ukufika mpaka m'kalasi. Malole a fodya ankadutsa n'kusiya fumbi lofiira pazipilala, ine n'kumalembapo dzina langa ndi chala. Makina osokera anali ataphimbidwa ndi chitenje. Pakhonde panali zii, ndipo bata limenelo linkandipweteka kuposa kulira kwa pamaliro. Chinanso chinkandivuta, chimene sindinauze munthu: abambo tinawaika opanda juzi yawo. Inali ikadapachikika pamsomali kuseri kwa chitseko. Mphepo ikawomba ndinkaganiza za iwo kumanda kuja, atavala malaya okha.

Kwathu munthu akamwalira, abale ake amasonkhanitsa zinthu zake zonse poyera, kuti zioneke zisanagawidwe. Loweruka lina kunabwera azakhali ndi akuluakulu angapo a kwa abambo. Anayala mphasa m'bwalo lamkati, amayi n'kumatulutsa chimodzichimodzi: makina, sizasi, tepi yoyezera, jekete, nsapato, njinga, Baibulo, ndi juzi ija. Amayi anagwada chapatali, mutu uli wometa, maso ali pansi.

“Mlamu, zatha?” anafunsa abambo aakulu.

“Zatha,” anatero amayi.

Anafunsanso kachiwiri, mofatsa momwemo, anthu onse akumva, ndipo amayi anayankha chimodzimodzi. Ine ndinadabwa, pakuti kachitini sikanatuluke. Ndinaganiza kuti amayi aiwala. Lero ndikudziwa kuti abambo anawalangiza kuti pepalalo asalionetse munthu kufikira tsiku losudzula, pamaso pa anthu a mbali zonse ziwiri. Abambo ankamudziwa mkulu wawo.

Patapita masiku atatu amayi anapita kuchigayo. Abambo aakulu anandiitana pakhonde, ine n'kugwada monga anandiphunzitsira amayi, manja pamodzi.

“Mayi,” anatero, “munthu akapita, chake chilichonse chimayenera kuonekera. Kanthu kakabisika, iye sagona. Amangoyendayenda m'mphepo muno kukafunafuna. Kodi palibe kalikonse ka abambo ako kamene kanatsala? Amayi ako ali ndi chisoni, mwina anaiwala.”

Sanandikalipire, sanandiopseze. Anangogwira pamene panali bala. Ndinaona abambo anga akuyendayenda m'chisanu chija opanda juzi chifukwa cha kachitini ka tiyi. Komanso amayi anali atandiphunzitsa ndi mawu ndi kamtengo komwe kuti wamkulu akakufunsa umayankha zoona. Ndinadzuka, ndinawagwira dzanja, n'kuwatengera pabalaza. Ndinalowetsa zala zanga ziwiri m'chiboda cha mbuzi ndi kukoka. Ndinachita monyadira, ndikuwayang'ana kuti aone luso langa.

Anatsegula kachitini, anawerenga pepalalo milomo ikugwedera, analipinda kanayi n'kuliika m'thumba lamkati la jekete. Kachitini anakabwezera, njerwa anaibwezera okha, napukuta fumbi pabondo. Kenaka anandigwira pamutu n'kuti, “Wachita bwino, mayi. Tsopano agona.” Anandigulira sikono ndi botolo la chakumwa chalalanje, langa ndekha. Ndinamwa pang'onopang'ono nditatsamira chipilala kuti ana anzanga aone. Chakumwa chimenechi sindimwa mpaka lero, ndipo ana anga amati ndi matenda a shuga amene ndimaopa.

Amayi atafika ndinawathamangira asanatule. Ndinawauza zonse mwaphuma, kuti anaiwala kachitini koma ine ndakumbukira, ndipo abambo tsopano agona. Anatula thumba la ufa pansi pang'onopang'ono. Analowa pabalaza, anagwada pachumuni, natsegula kachitini. Munatsala mabatani awiri. Anakhala chogwada nthawi yaitali, nkhope ili kukhoma, ufa uli mbuu m'khosi mwawo. Ine ndinaima kumbuyo kudikira kuyamikiridwa.

“Wanena zoona, mwana wanga,” anatero osatembenuka. “Ndi zimene ndinakuphunzitsa.”

Sanandimenye. Amayi amene anandithyolera kamtengo chifukwa chonyambita shuga sanandikhudze ngakhale ndi chala tsiku limenelo.

Tsiku losudzula linafika mphepo ya fumbi itayamba. Amalume, mchimwene wawo wa amayi, anabwera kuchokera ku Nathenje pa ngolo ya ng'ombe. Bwenzi nditazindikira pomwepo, chifukwa munthu wobwera kudzamva nkhani sabwera ndi ngolo yopanda kanthu. Anthu anakhala m'bwalo lamkati, amuna pamipando pansi pa ndimu, amayi pamphasa, msana atatsamira khoma lawo lija. Aphunzitsi anaitanidwa ngati mnansi. Ine ndinabisala pakhomo la khitchini.

Abambo aakulu analankhula bwino kwambiri. Anathokoza amayi powasamalira m'bale wawo mpaka tsiku lomaliza. Anati alibe nawo mangawa, awamasula ndi mtima woyera. Anati mwana ndi wa kuchikazi monga mwa mwambo, ndipo iwo sangalimbirane mwana wa eni. Ziwiya za kukhitchini, mphasa ndi zofunda amayi atenge. Nyumba ndi makina ndi za malemu, zibwerera kubanja la malemu.

Amayi anapempha kulankhula. Mawu awo anali aang'ono. Anati panali kalata imene malemu analembetsa, yonena kuti nyumba ndi ya mkazi wawo ndi mwana wawo.

“Kalata iti, mlamu?” anafunsa abambo aakulu. “Paja tsiku lija tinakufunsani kawiri, anthu awa akumva, inu n'kuti zatha? Kodi tinene kuti munabisa katundu wa malemu?”

Panamveka kung'ung'udza. Azakhali anaomba m'manja kamodzi n'kuyang'ana kumbali. Amfumu amene anadinda pepalalo anali atamwalira miyezi ingapo abambo asanamwalire, ndiye panatsala mboni imodzi. Amayi anatembenukira kwa aphunzitsi. Aphunzitsi anayang'ana nsapato zawo, zimene zinali zopolishidwa bwino, n'kunena kuti alembera anthu makalata ambiri pa Mitundu pano, sangawakumbukire onse. Chipinda chawo cham'mbali anakhalamobe zaka zina zinayi. Ndiwo omwewo amene ankatilembetsa pabolodi kuti bodza ndi tchimo, tikalakwitsa chilembo n'kutikwapula m'manja.

Amalume ndiye anamaliza. Anati si bwino kukangana pamwamba pa manda, munda ulipo ku Nathenje, mlongo wawo sadzagona ndi njala. Anathokoza a kuchimuna chifukwa cha ulemu wawo. Inde, anathokoza. Amalume anali munthu woopa mlandu kuposa njoka, komanso chaka chimenecho ankasowa wowathandiza kudimba.

Ine pakhomo paja ndinamva mawu oti kalata, ndipo ndinatuluka kuti ndithandize. Ndinkafuna kunena kuti kalatayo ilipo, ili m'jekete ya abambo aakulu, ndinawapatsa ndine. Ndinali nditatsegula kale pakamwa. Amayi anandiona, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anakweza mawu.

“Iwe, pita ukatsuke mbale. Pano si pa ana.”

Ndaganiza za mawu amenewo zaka zambiri. Mwina umboni wa mwana sukanasintha kanthu; akanangoti mwana waphunzitsidwa zonena. Koma mwinanso ukanasintha, pakuti jekete inali pomwepo, pathupi pa mwini wake. Amayi ankadziwa zimenezo. Ankadziwanso kuti ndikalankhula, bwalo lonse limva, ndi ine ndemwe ndimva, kuti nyumba yapita ndi zala zanga ziwiri. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Amayi analola kupotedwa okha, osafuna kuti mwanayo adziwe n'komwe kuti anadya nkhuyu. Sindikudziwa ngati ndimawathokoza kapena ndimawakwiyira. Masiku ambiri ndimachita zonse ziwiri.

Zimene zinali m'kalatamo anandiuza ndi aphunzitsi omwewo, ine ndili mayi wa ana awiri. Tinakumana pasiteji ya minibasi ku Nathenje, iwo atakalamba, malaya oyera aja atasanduka achikasu m'khosi. Anandigwira mkono n'kunena mawu onse a m'kalatamo pamtima, kuyambira moni mpaka tsiku. Munthu uja amene sankakumbukira. Anati zinkawavutitsa mumtima, ndipo ankafuna kuti ndiwakhululukire asanafe. Ndinawauza kuti wowakhululukira anali amayi, ndipo tinawaika chaka chatha. Ndinakwera minibasi yoyamba imene inaima, ngakhale inali yolowera kwina.

Amayi sanaumbenso njerwa moyo wawo wonse. Ku Nathenje anakhala m'nyumba yadothi yofolera udzu, ndipo nditayamba ntchito n'kufuna kuwamangira ya njerwa anakana. “Ya dothiyi palibe adzaifune,” anatero.

Nyumba ya ku Mitundu ija ikadalipo. Abambo aakulu anakhalamo mpaka imfa yawo, ndipo pamaliro awo wolankhula wina anawatama kuti anali munthu wodziwa kusunga chuma cha banja. Ana awo anaigulitsa chaka chisanathe kwa munthu wa ku Lilongwe amene sanagonemo ndi tsiku limodzi lomwe. Iyeyo anaidula timashopu titatu. Kutsogolo anapaka utoto wowala wotsatsa za mafoni, zipilala ziwiri anagwetsa n'kuikapo mapaipi, uta wa pachitseko uja anautseka ndi simenti. Ndinalowamo kamodzi ngati wogula. Pamene panali chumuni pali shelefu ya machaja, ndipo khoma analipaka pulasitala, moti mbuzi ija ili m'kati mwakemo. Ndinazungulira kumbuyo. Ndimu anadula, mpanda unagwa, koma khoma la njerwa zazing'ono zoderapo lili chiimire, lopanda mng'alu. Mnyamata wa m'shopumo anandifunsa ngati ndikufuna chimbudzi.

Tinachoka m'mawa mwake mwa tsiku losudzula lija. Pangolo panali mphasa, mapoto, ndowa, mtondo ndi mtolo wa zofunda, ine n'kukhala pamwamba pa mtolowo. Abambo aakulu anaima pakhonde atavala juzi ya abambo anga, natsanzikana nafe ndi manja awiri. Ine ndinawabayibitsa mpaka tinakhota pamsika. Ndinkaganiza kuti tikupita kukacheza kwa amalume, ndipo ndinasiya dala mpira wanga wamapepala kuseri kwa chitseko kuti ndidzaupeze pobwera.

Amayi anakana kukwera. Anayenda patsogolo pa ng'ombe, m'fumbi, njira yonse yodulira ku Nathenje. Titadutsa pamene phiri la Bunda limaonekera bwino, ndinawafuulira funso limene linali pamtima panga.

“Amayi, ndiye kuti abambo tsopano akugona bwino?”

“Akugona, mwana wanga,” anayankha.

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinadziona kuti ndine mwana wabwino, amene anapulumutsa bambo ake ku chisanu pamene akuluakulu onse anaiwala. Ndinayamba kuimba kanyimbo ka kusukulu, miyendo ikulendewera m'mbali mwa ngolo. Chimodzi chokha ndi chimene chinkandidabwitsa: pangolo malo analipo, dzuwa linali litakwera, koma amayi ankangoyendabe patsogolo, ndipo nthawi zonse ndikawaitana ankayankha osacheuka.